Amene Aimirira Pakhomo pa Wodwala

Ulaliki wa tsiku la Sabata. Mau owerengedwa: Yohane 19:25-27 ndi 1 Mafumu 19:3-8.



Pamene tiwerenga za imfa ya Ambuye wathu, maso athu athamangira pamtanda, ndipo kuyenera kutero. Koma lero ndifuna kuti titsitse maso pang'ono, tipenye anthu aja anaimirira patsinde pace. Yohane awerenga akazi amene anali pomwepo, woyamba ndiye Mariya amene anambala, ndipo pambali pao panali wophunzira mmodzi. Anthu amenewa sanakhomedwe misomali, ndipo panalibe msilikari anawakwapula. Munthu wakupita panjira akadati, Awa ali bwino. Wakumva zowawa ndi uyo ali pamwambayo. Koma kale lomwe, Yesu ali khanda, nkhalamba ija Simeoni inamuuza Mariya m'kacisi kuti tsiku lidzafika limene iyenso adzalasidwa m'kati mwa moyo wace. Cironda cotere sicituruka mwazi, cifukwa cace anthu sacipenya. Ambuye anacipenya. Ali m'kati mwa ululu, mpweya uli kutha, sanawauze amace kuti alimbe mtima, anawafunira nyumba. Anawapereka m'manja mwa wophunzira uja, ndipo iye anawatenga kumka nao kwao.

Ndasankha mau amenewa cifukwa ca cipinda cimodzi cimene makolo athu sanacidziwe, koma ife ticidziwa, ndipo ena a inu mwagona pakhomo pace. Ndinena cipinda ca odwala mwakayakaya, cimene acipatala acichula ICU. Ciyambi cace ciri cotere. M'caka ca 1952 mliri wa poliyo unagwa m'mudzi waukuru wa Copenhagen, ku dziko la Denmark. Ana ambiri anafa ziwalo, ndipo ena nthendayo inawagwira m'cifuwa, nalephera kupuma. Mwa otere, pafupi 9 mwa 10 anali kufa. Dotolo wina, dzina lace Bjørn Ibsen, anati aboole pakhosi, alowetsepo kapaipi, ndi kukankhira mpweya m'mapapo ndi thumba la mphira lofinya ndi manja. Anayamba ndi mtsikana wa zaka 12, m'mwezi wa August, ndipo mwanayo anakhala ndi moyo. Popeza makina sanakwanire, anaitana ophunzira za udotolo mazanamazana, nakhala pambali pa makama, kufinya matumba usana ndi usiku mosinthana, masabata ndi miyezi. Imfa zinatsika kwambiri. Caka cotsatira, 1953, Ibsen anakonza cipinda capadera cosonkhanitsiramo odwala otere, ndipo nzeru imeneyo inafalikira maiko onse. Kwathu kuno zipinda zotere zirimo m'zipatala zazikuru, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu. Ndipo m'caka ca 2017 anatsegula ca ana ku Mercy James, pa Queen Elizabeth pomwepo. Makama ace ndi owerengeka. Tiyamike Mulungu cifukwa ca nzeru imeneyi, pakuti alipo pakati pathu lero amene tikadawaika m'manda.

Koma taonani cimene cipinda ici cicita kwa wodwazika matenda. M'wodi wamba, mai wodwazika ali ndi nchito. Aphika phala ku citando, asambitsa wodwala, amtembenuza, amcapira, agona pansi pa kama wace. Atopa ndithu, koma adziwa ndi maso ace mmene usiku wathera. Ku cipinda ca mwakayakaya citseko citsekedwa. Alowa kanthawi kocepa, atasamba m'manja, napeza mwamuna wace atagona ngati mtembo, mapaipi m'kamwa ndi m'mphuno, nkhope yotupa, mawaya pacifuwa, makina ali kulira mbali ndi mbali. Amuitana dzina, sayankha. Kenaka amturutsa. Manja amene anazolowera kutumikira atsala opanda kanthu kocita, ndipo nchito yonse igwera mtima. Mtima ugaya usana ndi usiku ngati cigayo copanda cimanga.

Sindinena zomva kwa ena. Pamene anabadwa mwana wathu wacinai, amai a kunyumba kwanga anadwala nthenda yolowa m'mwazi, ndipo anagona m'cipinda cotere masiku 9. Ine ndinakhala pa benchi kunja. Citseko cikati kwee, mtima wanga unali kudumpha, ndipo ndinali kuwerenga nkhope ya namwino asananene kanthu. Tsiku lina anaturutsa munthu pa kama wa magudumu, atamphimba nsaru kumutu komwe, ndipo ndinazindikira kuti ndamtsata mapazi khumi ndisanafunse kuti ndi yani. Dotolo analankhula nane kawiri, ali ciriri m'khonde, mofulumira. Cingerezi ndicidziwa, koma pamene anacoka sindinakumbuke ngakhale mau amodzi. Mwa cifundo ca Mulungu amai anacira. Munatilandira ndi nyimbo, ndipo ena a inu mukumbukira tsikulo. Cimene simunacidziwe ndi ici: miyezi isanu yotsatira ndinali kudzidzimuka usiku uli wonse tambala asanalire, thukuta liri kamukamu, ndi kuika khutu pa mphuno yao kuti ndimve ngati ali kupuma. Galimoto ya katundu ikabwerera cambuyo pa msika ndi kulira kwace kuja, miyendo yanga inali kulefuka, pakuti kulira kwace kunafanana ndi makina aja. Ndinakalipira ana anga pa zinthu zopanda pace. Ndinaimirira pa gome lino ndi kulalikira za ciyembekezo, m'kati mwanga muli gwa ngati nthaka ya mwezi wa October. Ndipo sindinauze munthu, pakuti ndinati, Mbusa adandaula bwanji, mkazi wace atacira? Amene anandimasula ndi mkuru wa mpingo wina wokalamba, amene anadza madzulo, nakhala pakhonde nthawi yaitali osanena kanthu, kenaka anafunsa, Abusa, kodi tulo muli kuona? Ndinalira ngati mwana.

Pambuyo pace ndinaphunzira kuti cimene cinandigwira ine cigwira anthu ambiri, ndi kuti madotolo anaciwerenga. Ku dziko la France, m'caka ca 2001, anasindikiza zimene anapeza atafunsa abale 920 a odwala m'zipinda 43 zotere. Pa anthu 100 ali onse, 69 anali ndi zizindikiro za nkhawa yoposa muyeso, ndipo 35 anali ndi zizindikiro za cisoni cozama cimene cifooketsa munthu. Mwa amene wodwalayo anali mwamuna kapena mkazi wao, 84 pa 100 anali ndi cimodzi ca ziwirizi. Wina adzati, Nanga cacilendo nciani, munthu ali pakati pa moyo ndi imfa? Zoona. Koma mverani ca 2005. Dotolo wa ku Paris, Élie Azoulay, ndi anzace anafunsa abale 284 patapita masiku 90 wodwala ataturuka kapena atamwalira. Mmodzi mwa atatu anali asanaturuke m'cipindamo m'maganizo mwace: maloto oopsa, kudzidzimuka, kuona zija zibwera pamaso osaziitana, kuthawa ciri conse comkumbutsa. Mwa amene anadandaula kuti sanauzidwe zonse, anali pafupi theka. Mwa amene mbale wao anamwalira, theka. Ndipo mwa amene anakhala nao pa upo wosankha kuleka mankhwala kapena makina pamene ciyembekezo cinatha, anali 8 mwa 10. M'caka ca 2010 madotolo ndi anamwino anasonkhana ku America, napangana dzina limodzi lochulira mabvuto amene atsala m'thupi ndi m'maganizo a munthu woturuka m'cipinda cimeneci, ndipo anaika abale ace m'dzina lomwelo. Ndiko kunena kuti acipatala eni ace abvomereza kuti pa kama mmodzi pagona banja lonse.

Kumbukirani kuti ziwerengero izi ndi za ku France, kumene wodwazika sagona pa simenti, saphikira pa mafuwa m'mvula, sagulitsa mbuzi kuti apeze ya minibasi. Wathu asenza zonsezo pamwamba pa mantha. Munda wace uli kumera chire, katapira ali kukwera, ana asiyidwa kwa agogo osaona bwino, ndipo lamya ya m'manja irira kosaleka, ali yense afunsa, Ziri bwanji kumeneko? ndipo iye ayenera kutonthoza mudzi wonse, wopanda womtonthoza mwini.

Ndifuna mumvetse mmene cinthu ici cigwirira, kuti musaciyese misala kapena ziwanda. Mulungu anaika m'thupi mwathu mlonda. Coopsa cikafika, mlonda aomba lipenga: mtima ugunda msanga, tulo tithawa, makutu achera, njala iiwalika. Ici ndi cabwino kwa munthu wokumana ndi njati, pakuti coopsaco citha m'kamphindi. Koma pakhomo pa wodwala lipenga liomba masiku khumi kapena makumi awiri osaleka, ndipo mwa ena mlonda aiwala kugona ngakhale nkhondo itatha. Zimene maso anaona m'masiku a mantha sizikhala m'mtima monga zikumbukiro zina, zimene munthu aziturutsa pofuna ndi kuzibweza. Zikhala zaziwisi, ndipo pfungo la mankhwala otsukira pansi, kapena kulira kwa lamya usiku, zizidzutsa monga ngati ziri kucitika lero. Kusowa tulo kuonjeza moto, pakuti munthu wosagona salingalira bwino, ndipo kanthu kakang'ono kamkulira ngati phiri.

Pali zinthu ziwiri zimene zilasa koposa, ndipo ndikhala pa izo pang'ono.

Coyamba ndi kubwebweta kwa wodwala. Ambiri amene agona pa makina opumira asokonezeka mutu masiku ena, cifukwa ca nthenda yeniyeniyo, ndi mankhwala ogonetsa, ndi magetsi osazima usiku. Sazindikira mkazi wao. Aona njoka pa khoma. Azula mapaipi, kotero kuti anamwino nthawi zina awamanga manja. Ena atukwana, ena anena kuti, Iwe ufuna kundipha. Mai wina wa mpingo uno anasunga mau otere m'mtima mwace zaka ziwiri, poyesa kuti mwamuna wace anaulula za pansi pa mtima. Ndipo alongo a mwamunayo, amene anamva mauwo, anawatenga ngati umboni wa ufiti. Mwamunayo atacira sanakumbuke kanthu. Abale anga, mau a munthu wobwebweta ndi utsi wa nthenda. Musawatengere ku bwalo la mfumu, musawatengere kwa woombeza, ndipo musalole kuti banja lipasuke nao.

Caciwiri ndi kusankha. Dotolo afuna munthu wosaina kuti opareshoni icitike, ndipo apeza mkazi ali yekha pa benchi, mwini mbumba ali kumudzi kapena ku Johannesburg. Asaina. Wodwala akamwalira, pa maliro pamveka manong'onong'o: Anamlola ndani? Kapena madotolo aona kuti ziwalo zonse zaleka, makina angokankha mpweya m'thupi limene latha, ndipo auza abale kuti kupitiriza ndi kumzunza. Wobvomera apita kwao ndi mau awa m'mutu: Ndapha mwana wanga. Mwamva ciwerengero cija, 8 mwa 10. Ndinena kwa inu monga mbusa wanu, ndipo ndinena ndi mtima wonse: cimene cinapha mwana wanu ndi nthenda, kapena ngozi ija ya njinga yamoto. Makina anacedwetsa imfa masiku pang'ono, kuti mwina thupi lipeze mpata wocira. Pamene silinacire, kuwaleka sikupha. Ndipo inu eni mbumba, ngati simunathe kufika pa tsiku losankha, tsekani pakamwa panu pa tsiku la maliro. Mutu umodzi susenza denga. Inu munausiya usenze wokha, tsono musauimbe mlandu kuti denga lapendekeka.

Tsopano wina ali kunena mumtima mwace, Koma Mkristu weniweni sagwa cotero. Akadakhala ndi cikhulupiriro akadagona tulo. Tiyeni kwa Eliya. Munthu uyu anaimirira yekha pa phiri la Karimeli pamaso pa aneneri a Baala mazana anai ndi makumi asanu, ndipo moto unatsika. Ndani wa ife ali ndi cikhulupiriro cotere? Koma zitatha zonse, uthenga umodzi wa Yezebeli unamthyola. Anathawira ku Beereseba, nasiya mnyamata wace komweko, nalowa m'cipululu yekha, nakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Onani kuti sanagwe pa tsiku la nkhondo. Anagwa nkhondo itapita, monga agwa odwazika athu. Onaninso kuti anayamba wadzipatula kwa mnzace, monga acita iwo. Ndipo Mulungu anacitanji? Sanamdzudzule. Anamleka agone. Anatuma mthenga wace ndi mkate wootca ndi madzi. Eliya anadya, nagonanso. Ndipo mthengayo anabwera kaciwiri ndi cakudya cina, podziwa kuti ulendo ngwautali ndipo mphamvu zace nzocepa. Mau a Mulungu anadza pambuyo, ku Horebu, patapita masiku makumi anai. Ndipo pomaliza anampatsa Elisa, kuti asayendenso yekha. Tulo, cakudya, kenaka mau, kenaka bwenzi. Ife kawirikawiri tiyamba ndi mau, ndi kutsiriza ndi mau.

Abwenzi a Yobu anacita bwino masiku asanu ndi awiri, pamene anakhala naye pansi ali cete. Anayamba kulakwa pamene anatsegula pakamwa kufunafuna chimo limene linabala tsokalo. Ndamva Akristu ali kunena kwa wodwazika, Dzifufuzeni, kapena pali cimene munacita. Ndamva ena ali kulonjeza, Mukapemphera ndi kusala kudya masiku atatu adzauka ndithu; ndipo pamene sanauke, namfedwa anatsala ndi maliro awiri, a mwamuna wace ndi a cikhulupiriro cace. Pempherani, inde, ndipo pempherani kolimba. Koma musalonjeze m'dzina la Mulungu cimene Iye sanakuuzeni, ndipo musasalitse cakudya munthu amene thupi lace latha kale.

Ife Acewa maliro tiwadziwa. Uthenga ukamveka, makasu agwa pansi, amai asenza nkhuni ndi ufa, amuna agona pa siwa, adzukulu akumba, cipepeso ciperekedwa. Palibe namfedwa asiyidwa yekha masiku awiri oyambawo. Koma mwambo wa wodwazika tiribe. Wodwala akacira, tiyesa kuti nkhani yatha, pamene kwa mkazi wace iri kuyamba. Pakuti munthu woturuka pa makina abwera wofooka, miyendo yoonda, wosakhoza kugwira khasu miyezi yambiri, woiwalaiwala, wopsa mtima msanga. Wabwera ndi yemweyo, koma si yemwe uja. Ku dziko la Canada anatsata anthu 280 osamalira odwala amene anagona pa makina opumira sabata kapena kuposa, ndipo ambiri a iwo anali akazi. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'caka ca 2016. Wodwala atangoturuka m'cipindamo, 67 pa 100 a osamalirawo anali ndi zizindikiro zazikuru za cisoni cozama cija. Caka cathunthu citapita, anali akali 43 pa 100. Ife pa nthawi imeneyo taiwala kale kuti m'nyumba muja munali matenda.

Mukumbukira masiku a Covid-19, imene inalowa m'dziko muno m'mwezi wa April 2020, pamene zitseko za zipatala zinatsekedwa kwa abale, ndipo ena anaikidwa m'manda osasambitsidwa ndi ao. Azoulay yemwe uja anawerenganso, nasindikiza m'caka ca 2022: mwa abale a odwala Covid amene mapapo ao analephera, 35 pa 100 anatsala ndi mantha obwerabwera aja, pamene mwa abale a odwala mapapo ndi matenda ena anali 19. Alipo pakati pathu amene sanalire bwino kufikira lero, ndipo tisayese kuti zaka zapitazi zawapoletsa.

Nanga cithandiza nciani? Pano pali cinthu condidabwitsa ndi kucepa kwace. M'caka ca 2007, ku France komweko, anasindikiza zimene anayesa pa mabanja 126 amene mbale wao anali pafupi kufa. Theka analankhula nao monga mwa masiku onse. Theka lina madotolo anakhala nao pansi nthawi yoonjezerapo, mphindi 30 m'malo mwa 20, nawaleka alankhule iwo eni mphindi 14 m'malo mwa 5, nawapatsa kabuku kofotokoza za cisoni ca imfa. Patapita masiku 90, mwa oyamba aja 69 pa 100 anali ndi mantha obwerabwera. Mwa aciwiriwa 45. Cisoni cozama cinatsika kucokera pa 56 kufika pa 29. Mphindi khumi, ndi khutu. Inu anamwino ndi othandiza madotolo amene muli m'mpingo muno, ndidziwa kuti muli ocepa ndipo odwala ndi ambiri, ndipo sindikuimbani mlandu. Koma pamene muli ndi uthenga wolemera, khalani pansi, nenani m'cinenero ca munthuyo, ndipo mumfunse abwereze cimene wamva. Koma mverani ici cina. Zaka khumi pambuyo pace, m'caka ca 2017, anasindikiza zimene anapeza atayesa kutumiza kalata ya cipepeso kwa anamfedwa, poyesa kuti idzawatonthoza. Patapita miyezi 6, olandira kalata sanapeze bwino koposa anzao, ndipo zizindikiro za cisoni zinaoneka zocuruka mwa iwo. Ine ndiyesa kuti kalata itsegula cironda, koma iribe manja ocimanga. Cotero uthenga wa pa lamya wonena kuti tiri kukupemphererani suli woipa, koma musauyese kuti mwazonda.

Cifukwa cace ndipempha mpingo uno zinthu izi. Munthu wathu akalowa m'cipinda cija, asadwazike mmodzi yekha kuposa masiku atatu kapena anai. Banja ndi mpingo tisinthane, kuti wina akagone m'nyumba, asambe, aone ana. Wodwazika adzakana, adzati, Ndikacoka amwalira ine kulibe. Musamkakamize ndi ukali. Muuzeni kuti mlongo wace akhala pa benchi pomwepo ndi lamya m'manja. Pokaonana ndi dotolo apite awiri, mmodzi womva, wina wolemba. Ndipo musaope kufunsa: Nthenda yace ndi yotani? Makina awa acita ciani? Muyembekeza ciani mawa? Kufunsa si mwano. Asankhidwe munthu mmodzi kumudzi wolandira uthenga ndi kuugawa, kuti wodwazika asayankhe anthu makumi atatu. Munda wace ulimidwe. Ndipo wodwala akabwera, kapena maliro akatha, mumzonde wodwazikayo mwini, pa dzina lace, patapita mwezi, ndi patapita miyezi itatu, pamene ena onse aleka kubwera. Musamfunse za wodwala yekha. Mfunseni funso la mkuru uja: kodi tulo muli kuona? Akayamba kusimba, mlekeni asimbe, ngakhale abwereze nkhani yomweyo kasanu. Akakhala cete, musamkumbe.

Musadziyese osaphunzira pa nchito iyi. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dotolo wa nthenda za maganizo, Dixon Chibanda, anayamba m'caka ca 2006 kuphunzitsa agogo akazi kukhala pa benchi kunja kwa zipatala zazing'ono, kumvera anthu obvutika ndi cimene Ashona acichula kufungisisa, ndiko kuganiza koposa muyeso, ndi kuwathandiza kumasula mabvuto ao limodzi limodzi. Pamene anayesa nchitoyo mosamala, nasindikiza m'caka ca 2016, anapeza kuti okhala ndi agogowo anapeza bwino koposa amene analandira cithandizo ca masiku onse. Agogo otere tiri nao m'mabenchi muno.

Inu aphunzitsi, ana a m'nyumba zotere ali m'manja mwanu. Mwana amene amace ali ku citando, atate wace ali pa makina, adza ku sukulu wosadya, wosagona, ndipo palibe wamuuza zoona. Amva akuru ali kunong'ona, ndipo maganizo ace alenga zoopsa zoposa zenizeni. Adzaodzera m'kalasi, adzamenya anzace, wina adzayambanso kukodza pogona. Musafulumire ndi ndodo. Muitaneni pambali, mumfunse cimene adziwa, ndipo mupemphe akwao amuuze zoona m'mau a msinkhu wace. Ndiponso inu ndinu odziwa kulemba: patsani wodwazika kope ndi pensulo, alembe tsiku ndi tsiku zimene zacitika ndi zimene dotolo wanena. Kopelo lidzamthandiza pofunsa, ndipo wodwala akacira lidzamfotokozera masiku amene anamtayika.

Koma pali malire a nchito yathu, ndipo tiwadziwe. Ambiri apola okha m'masabata owerengeka, akagona, akadya, akakhala ndi anzao. Koma ngati mwezi wapita ndipo munthu akali kudzidzimuka, salawa cakudya, satha kugwira nchito yace, athawa anthu, kapena wayamba kufuna tulo m'botolo la kacasu, mperekezeni ku cipatala ca boma. Kuli anamwino ophunzira za nthenda za maganizo, ndipo kuli mankhwala ndi uphungu zimene zithandiza. Kupita kumeneko sikucotsa pemphero, monga kumanga pfupa lothyoka sikucotsa pemphero. Ndipo ngati anena mau onga a Eliya, kuti kuli bwino ndife, kapena ayamba kugawa zinthu zace ndi kutsazika, musaseke, musamdzudzule ndi mau a gehena. Mfunseni poyera ngati aganiza zodzipha. Kufunsa sikuika ganizolo mwa iye, koma kumpatsa khomo loturukira. Musamsiye yekha usiku umenewo. Cotsani m'nyumba tameki, mankhwala a mbeu ndi a thonje, ndi zingwe, ndipo mupite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Amuna makamaka muwapenyetsetse, pakuti tinawaphunzitsa kuyambira ubwana kuti mwamuna salira, ndipo ameza zonse kufikira ziwatsamwa.

Ndipo iwe mbale wanga, iwe mlongo wanga, amene wakhala cete m'benchi umo, ndipo wadzizindikira m'mau awa: ine ndinakhala pamene uli. Usadikire miyezi isanu monga ndinacita ine. Khomo la nyumba ya abusa ulidziwa, ndipo amai a kunyumba adziwa mbali zonse ziwiri za citseko cija.

Pa sabata lino nyumba zitatu za mpingo wathu ziri ndi munthu ku cipatala cacikuru, ndipo mwa izo imodzi mai wadwazika yekha masiku 12. Tikaturuka, akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano atsale pansi pa mtengo wa mango, tigawane maina ndi masiku. Amene ali ndi ufa, nyemba kapena nkhuni abwere nazo mawa madzulo, pakuti galimoto ya pa stesheni inyamuka Laciwiri mamawa, ndipo muli malo a anthu awiri okasintha. Anyamata a m'kalasi ya ubatizo akumane ndi aphunzitsi Lacitatu, makasu ali m'manja.

Tipemphere.